Chikuto cha buku chikamapindika: kupeza gwero la vutoli ndi kulithetsa kuno ku Dedza

Mwa mavuto onse amene anthu osoka ndi kukuta mabuku pamanja amakumana nawo, palibe limene limabwera kawirikawiri ngati la chikuto chopindika. Mmisiri amasoka masamba mwaluso, amadula katoni molunjika, amakuta ndi chitenje kapena chikopa, buku n'kutuluka pansi pa njerwa lili lathyathyathya bwinobwino. Koma likangokhala patebulo masiku awiri kapena atatu, chikuto chimayamba kudzuka m'mphepete, bukulo n'kukhala loyasama, losafuna kutsekeka. Mwini wake, kaya ndi mkulu wa mpingo amene anabweretsa buku la nyimbo kuti likonzedwe, kaya ndi mlendo amene anagula buku lolembamo lokutidwa ndi chitenje, saona ulusi wosokedwa bwino umene uli m'kati, amangoona kupindikako.

Anthu ambiri akaona zimenezi amathamangira kuwonjezera njerwa, poganiza kuti bukulo silinapanikizidwe mokwanira. Kupanikiza kuli ndi ntchito yake, koma pakokha sikuthetsa vutoli, chifukwa chimene chimapinda katoni ndi madzi amene analowa m'pepala, m'nsalu ndi m'katoni pa nthawi yomata, pamodzi ndi kukokana kumene kumachitika madziwo akamachoka. Munthu akamvetsa kukokana kumeneku amatha kuyang'ana chikuto chopindika n'kudziwa yekha pamene ntchito inalakwikira.

Kuno ku Dedza nkhaniyi imakula chifukwa cha nyengo. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri la Dedza limafika pafupifupi mamita 2,200. Mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, m'mawa kumachita chifunga, ndipo chinthu chonyowa chimatenga nthawi kuti chiume. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula imadzaza nyumba ndi chinyezi, moti ngakhale katoni imene sinakhudze madzi imakhala itamwa chinyontho cha mumpweya. Mu Okutobala zinthu zimatembenuka, phala lomatira limauma msanga mpaka kukuumirani pa bulashi. Ndiye pali nkhani ya ulendo: buku lokutidwa pa boma kapena ku Bembeke likatsika msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti, ku Mua kapena ku Mtakataka, limakapeza kutentha kwina, ndipo ngati munali chinyezi chotsalira, chimatuluka mofulumira kudzera kunja kwa chikuto, chikutocho n'kupindika mwini wake asanalembemo n'kamodzi komwe.

Chimene chimachitika pepala likanyowa

Pepala lililonse likapakidwa phala limatambasuka, ndipo likamauma limabwerera mwakale. Tsamba la masentimita 15 m'lifupi likhoza kukula ndi milimita imodzi kapena awiri, zimene zimaoneka zochepa, koma n'zokwanira kupinda katoni yolimba. Pepalalo likakhala kuti lagwira kale pa katoni silingabwerere lokha, choncho limakoka katoniyo, ndipo katoni imakhotera kumbali imene kuli chokoka champhamvu. Nsalu ya thonje imachita chimodzimodzi, ndipo chikopa ndiye chimaposa zonse pa kukoka.

Chikuto chili ndi mbali ziwiri zomatidwa. Kunja kuli nsalu, chikopa kapena pepala lokongoletsa. M'kati muli tsamba limene limalumikiza masamba a buku ku chikutocho. Ntchito ya mmisiri ndi kuonetsetsa kuti mbali ziwirizi zikukoka mofanana, ndipo ngati pangakhale yoposa inzake, ikhale ya m'kati, kuti chikuto chizikhotera pang'ono ku masamba n'kumawagwira. Amisiri odziwa ntchito amachita kufuna kukhota kwakung'ono kumeneku, sakuyesa vuto ayi.

Pali chinthu chinanso chimene ophunzira ambiri sauzidwa, ndipo kwa ine ndi chimene chimawononga mabuku ochuluka kuposa guluu woipa. Pepala lopangidwa kufakitale lili ndi timaulusi ta mtengo timene timagona motsatira mbali imene makina ankayendera, chimene osindikiza mabuku amachitcha grain. Zili ngati mphasa ya bango, imene imakulungika mosavuta motsatira mabango ake koma imakana mukafuna kuipinda mopingasa. Pepala likanyowa limatambasuka kwambiri mopingasa timaulusiti, pamene motsatira timaulusiti limasintha pang'ono zedi. Katoni nayonso ili ndi kagonedwe kake ka ulusi, ndipo nsalu ili ndi ulusi wautali umene umayenda motsatira mphepete yake yolukidwa. Lamulo la ntchitoyi ndi lakuti ulusi wa chilichonse chimene chili m'buku, masamba, katoni, tsamba lomatira, nsalu ndi kapepala kolimbitsira msana, uyende motsatira msana wa buku, kuchokera pamwamba kutsika pansi. Zonse zikagona mbali imodzi zimatambasuka ndi kubwerera pamodzi. Chimodzi chikagona mopingasa chimakokana ndi zinzake mpaka kalekale.

Kudziwa kagonedwe ka ulusi sikufuna chida. Gonekani pepala patebulo, mulipinde pang'onopang'ono osathyola, poyamba m'litali kenako m'lifupi, mukumvetsera ndi chikhatho mmene likukanira. Mbali imene likupindika mofewa ndi imene ulusi wagonera. Ngati mukukayika, dulani kachidutswa ka masentimita 5 mbali zonse, mukanyowetse mbali imodzi ndi chala, ndipo kadzakulungika kokha ngati kachubu, ulusi uli motsatira litali la kachubuko. Katoni imayesedwa poigwira m'mphepete ndi manja awiri n'kuikhotetsa pang'ono. Mukangopeza, lembani mzere wa pensulo pa katoni yonse musanayambe kuidula, chifukwa zidutswa zikasakanikirana patebulo simungazizindikirenso ndi maso.

Msampha waukulu uli pa mapepala a A4 amene timagula m'mashopu. Mapepalawa ndi a mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, ndipo kawirikawiri ulusi wake umagona motsatira litali. Munthu akawapinda pakati kuti apange buku la A5, mpindirowo umadutsa ulusi mopingasa, ndipo zotsatira zake ndi buku limene masamba ake amachita makwinya pafupi ndi msana, amakana kugona mukalitsegula, komanso amakankha chikuto. Njira yozembera vutoli ndi kugula mapepala a A3 amene ulusi wake ukutsatira mbali ya mamilimita 420, n'kuwadula pakati. Zidutswa zake zimakhala za A4 koma ulusi uli m'lifupi, ndipo zikapindidwa ulusi umagwirizana ndi msana. Muyese pepala limodzi musanagule mtolo wonse, pakuti si mapepala onse a A3 amene amadulidwa mofanana. Mapepala opangidwa pamanja, monga aja a makungwa a nthochi ndi mapepala akale, alibe mbali imodzi imene ulusi unagonera kwenikweni, choncho pa nkhani iyi savuta, ngakhale kuti amamwa phala lambiri ndipo amafuna nthawi yaitali youmira.

Kuwerenga mapindikidwe a chikuto

Chikuto chikadzuka m'mphepete, kuthawa masamba, ndiye kuti chakunja chakoka kuposa cha m'kati. Izi zimachitika kwambiri ndi chikopa, ndi chitenje chimene chinamatidwa chili chonyowa kwambiri, komanso pamene tsamba la m'kati linamatidwa ndi guluu wouma msanga amene sanalipatse mpata wotambasuka. Ili ndi vuto lochiritsika, ndipo njira yake ifotokozedwa kutsogoloku.

Chikuto chikakhotera m'kati mopitirira muyeso, pakati pake n'kutukumuka, wapambana ndi wa m'kati: tsamba lomatira linali lokhuthala kapena linapakidwa phala lamadzi kwambiri, pamene kunja kunali nsalu yopyapyala. Kawirikawiri kukhota kotere kumachepa kokha buku likauma bwino, ndipo sikoyenera kutaya nako tulo.

Choopsa ndi chikuto chimene chakhota kuchokera pamwamba kutsika pansi, kapena chimene chapotoka moti ngodya imodzi yadzuka pamene ina yagona. Apa ulusi wa katoni unagona mopingasa, kapena katoni ndi pepala zinagona mosiyana. Mukhoza kuchipanikiza mwezi wathunthu, chidzatuluka chowongoka, koma nyengo ikangosintha chidzabwerera. Ndi bwino kuvomereza msanga, kuchotsa chikutocho n'kupanga china, kusiyana ndi kutaya masabata pa chinthu chosatheka.

Nthawi zina vuto limakhala katoni yeniyeniyo. Makatoni a sopo ndi a mafuta ophikira, aja okhala ndi mphako m'kati, sayenera pa chikuto cholimba chifukwa amafewa akangomwa phala. Yofunika ndi katoni yotuwa yothinana, yokhuthala mamilimita 2 pa buku la A5, ndi 2.5 kapena 3 pa buku lalikulu. Ikasowa, mafayilo akale a m'maofesi, aja okhala ndi zitsulo zopanira mapepala, amakhala ndi katoni yabwino mukasenda chokutira chake. Amene amamatiza makatoni awiri opyapyala kuti apeze imodzi yokhuthala aonetsetse kuti ulusi wa onse awiri wagona mbali imodzi, ndipo aimate padakali masiku angapo, iume pansi pa cholemera isanagwiritsidwe ntchito.

Phala ndi guluu

Madzi onse amene amavutitsa chikuto amalowa kudzera m'chomatira, choncho kusankha ndi kukonza chomatira ndi theka la nkhondo. Phala la sitachi ndi limene amisiri okonza mabuku akale amalikonda, chifukwa limapereka nthawi yokwanira yosunthira pepala, ndipo wina akadzafuna kukonzanso bukulo patapita zaka akhoza kulimatula ndi chinyezi chabe. Sitachi ya tirigu imapezeka pokanda ufa wa tirigu ndi madzi pang'ono, kenako n'kutsuka mtandawo m'beseni la madzi mpaka m'manja mutatsala chinthu chonyanda. Madzi oyerawo akadikha, chimene chakhala pansi ndiye sitachi. Ya chinangwa imapezeka popala chinangwa chachiwisi, kuchifinya pa nsalu ndi madzi, n'kusiya kuti zidikhe chimodzimodzi. Pophika, supuni imodzi ya sitachi ifuna masupuni 5 a madzi, pamoto wochepa, mukutakasa osalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20, kufikira phalalo litasiya kuyera n'kuyamba kuonekera m'kati. Likazizira lisefedwe pa nsalu. Phala la ufa wamba wosatsuka limagwira ndithu, koma limaitana mphemvu ndi njenjete, ndipo m'nyengo ya mvula limachita chuku msanga. Phikani lochepa, lokwanira masiku awiri kapena atatu, ndipo likayamba kununkha kusasa litayidwe.

Kuipa kwa phala ndi kwakuti lili ndi madzi ambiri. Guluu woyera wa PVA, amene akalipentala amagwiritsanso ntchito, ali ndi madzi ochepa ndipo amagwira msanga, motero satambasula pepala kwambiri. Koma akauma samatuka, ndipo guluu wina wa akalipentala amauma molimba kwambiri kwa msana wa buku umene uyenera kumapindika. Pa mabuku atsopano olembamo, kusakaniza PVA ndi phala theka ndi theka kumathandiza kwambiri, makamaka mu Okutobala pamene PVA yekha amauma musanamalize kupaka. Pa Baibulo lakale la m'banja, kaundula wa ubatizo kapena buku la mbiri ya mudzi, phala lokha ndiye loyenera kukhudza masamba. Guluu wa nsapato ena amamukonda chifukwa alibe madzi ndipo sapinda katoni, koma patapita zaka zochepa amadetsa pepala n'kulisandutsa lofiirira, ndipo ine sindingamulole pafupi ndi buku limene munthu akufuna kusungira adzukulu ake. Selotepi nayenso ndi chimodzimodzi.

Popaka, yambani pakati pa pepala kupita m'mphepete, mopyapyala ndi mofanana, kenako dikirani. Pepala lopakidwa phala limayamba lakulungika, kenako patapita mphindi ziwiri kapena zitatu limagonanso lokha, ndipo apo m'pamene latambasuka mokwanira. Mukalimata lisanagone limapitiriza kutambasukira pa katoni n'kuchita matuza ndi makwinya. Nthawi imene mwadikira pa chikuto chakutsogolo ikhalenso imene mudikire pa chakumbuyo, apo ayi zikuto ziwiri za buku limodzi zidzakhota mosiyana.

Chitenje chimafuna kukonzedwa padera. Chikhale cha thonje, chifukwa cha nayiloni sichigwira phala. Chichapidwe kuti chibwerere ndi kutaya zolimbitsa za kufakitale, chisitidwe, kenako kumbuyo kwake kumatidwe pepala lopyapyala, ulusi wa pepalalo ukutsatira ulusi wautali wa nsalu. Chisiyidwe kuti chiume kotheratu chili chotambasulidwa pa galasi kapena pa thabwa losalala. Chitenje chokonzedwa motere sichilola guluu kubowolera kutsogolo n'kudetsa maluwa ake, ndipo sichikoka katoni mwamphamvu ngati chosakonza. Chikopa, monga cha mbuzi chimene okuta mabuku amachikonda, chimamatidwa chili chachinyezi, choncho mmisiri amamata kaye pepala limodzi kapena awiri m'kati mwa katoni chikopa chisanabwere, katoniyo n'kukhotera m'kati dala, kuti chikopa chikadzakoka chidzangoiwongola.

Kuumitsa

Apa m'pamene ntchito zambiri za kuno zimagwera, chifukwa cha changu. Mukangomata tsamba la m'kati ku chikuto, lowetsani pepala la pulasitiki pakati pa chikutocho ndi masamba a buku kuti chinyezi chisawolokere m'masamba, ndipo pakati pa pulasitikiyo ndi chikuto muikepo pepala louma lomwa madzi. Nyuzipepala yosindikizidwa isakhudze tsamba lonyowa, chifukwa inki yake imadinda. Tsekani buku, muliike pakati pa matabwa awiri osalala, mulipanikize mwamphamvu kwa mphindi zochepa kuti zomatidwa zigwirane, kenako mutsegule, muchotse pepala limene lanyowalo, muike lina louma. Musinthenso patapita ola limodzi, ndipo kuchokera apo m'mawa ndi madzulo. Buku lotsekeredwa pansi pa njerwa sabata yathunthu osasintha mapepala siliuma, limangosunga madzi ake, ndipo mu Febuluwale mudzalipeza litachita chuku.

Matabwa ndi njerwa nazonso ziyang'anidwe. Matabwa a paini ndi osavuta kupeza kuno, koma ongocheka kumene amakhala ndi madzi ndi utomoni, ndipo amapindika okha. Ofunika ndi ouma, opalidwa bwino, kapena pulayiwudi yokhuthala. Njerwa zowotcha zimamwa chinyezi zikakhala pansi, choncho ziyanikidwe padzuwa kenako zikulungidwe m'mapepala. Mulu wonsewo ukhale patebulo, osati pa simenti.

M'chilimwe masiku atatu kapena anayi amakwana. M'dzinja ndi m'miyezi yozizira pamafunika sabata imodzi kapena kupitirira. Njira yodalirika yodziwira ndi kugunditsa m'kati mwa chikuto patsaya panu: ngati mukumva kuzizira kuposa pepala lina louma la m'chipinda momwemo, madzi akadalimo. Buku likaoneka kuti lauma, lichotseni pansi pa njerwa, muligoneke patebulo tsiku lathunthu musanalipereke, kuti ngati pali kukhota kuonekere m'manja mwanu. Kuliyandikiza ku mbaula, kuliyanika padzuwa kapena kulisita ndi simbi kumaumitsa kunja kokha, ndipo ndi njira yachidule yopindira chikuto chimene chikanakhala bwino.

Kukonza chimene chapindika kale

Ngati chikuto chadzuka kuthawa masamba ndipo ulusi wa katoni uli bwino, dulani pepala lolimba locheperapo pang'ono poyerekeza ndi m'kati mwa chikuto, ulusi wake motsatira msana, mulipake phala, mudikire kuti ligone, mulimate m'kati mwa chikutocho. Tetezani masamba ndi pulasitiki, ndipo musiye chikutocho chili chotsegula kwa kanthawi kuti pepala latsopanolo liyambe kukoka, kenako mutseke n'kuumitsa monga mwa masiku onse. Pepala limodzi likapanda kukwanira muwonjezere lina, koma pokhapokha loyambalo litauma, chifukwa mphamvu yake yonse imaoneka pamapeto. Kungonyowetsa katoni n'kuipanikiza kumaiwongola kwa masiku ochepa chabe, popeza chimene chinkakoka chikadali pomwepo.

Buku likachita chuku liimikidwe lotsegula pamthunzi podutsa mphepo mpaka liume, kenako chukucho chisesedwe ndi bulashi yofewa muli panja, mphuno ndi pakamwa mutaphimba. Nsalu yonyowa imangochilowetsa m'pepala, ndipo sipiriti wamtundu wapepo amasiya banga losachoka. Chuku chimayamba kumera chinyezi cha mumpweya chikamakhala pamwamba pa 65 kapena 70 peresenti kwa masiku angapo, zimene sizachilendo m'nyumba za kuno nthawi ya mvula.

Kwa amene ali ndi maoda ambiri m'miyezi ya mvula, kasokedwe ka Akhristu a ku Egypt, kamene kanalipo kale m'zaka za m'ma 300 ndipo kakugwiritsidwabe ntchito ku Ethiopia, n'kothandiza zedi. Pa kasokedwe kameneka msana umakhala poyera, ulusi ukuoneka ngati unyolo, ndipo zikuto ziwiri zimachita kusokeredwa ku masamba m'malo momatidwa. Izi zikutanthauza kuti katoni iliyonse imakutidwa kunja ndi m'kati payokha, imauma payokha, ndipo yopindika imaonekera isanafike pa buku. Masamba sakumana ndi dontho la phala. Aitiyopiya amagwiritsa ntchito matabwa opyapyala m'malo mwa katoni, ndipo thabwa louma bwino la mtengo wolimba likhoza kuchitanso chimodzimodzi kuno.

Popereka buku kwa mwini wake, m'pofunika kumuuza mmene angalisungire, chifukwa chikuto chabwino chikhozabe kupindika chikasiyidwa pawindo, m'galimoto yotentha kapena m'chikwama chonyowa. Mabuku aang'ono aimikidwe pa shelefu mothinana pang'ono ndi anzake a msinkhu wofanana, ndipo aakulu monga kaundula agonekedwe, atatu kapena anayi pamulu. Shelefuyo italikirane ndi khoma lakunja ndi masentimita angapo kuti mpweya uzidutsa kumbuyo, ndipo thabwa lake lapansi likwezedwe kuti chinyontho cha simenti ndi chiswe zisafikeko.